Mliri ukagwa gulu lisabalalike: zimene tinaphunzira kuno ku Mangochi

M'buku la gulu lathu muli malo amene ndimachita nawo manyazi. Tsamba lina ndinalemba mu March 2020, lotsatira lake ndinalemba mu October. Pakatipo palibe ngakhale deti. Boma litalengeza pa 20 March kuti dziko lili pangozi chifukwa cha Covid-19, n'kutseka sukulu pa 23 March ndi kuletsa misonkhano ya anthu oposa 100, ife tinangotsanzikana pamsewu kuti tidzaonana zikatha. Chonsecho gulu lathu silinkafika ndi anthu 30 omwe. Lamulo silinatiletse, tinadziletsa tokha ndi mantha.

Mmene tinkadzakhalanso pansi pa mtengo wa mango paja, n'kuti mjigo utafa kalekale, amayi akutunga kunyanja. Ngongole za banki m'khonde zinali ndi anthu amene ena anali atatsatira usipa kumadoko akutali. Atsikana awiri amene amayi a mother group ankawayendera anali oyembekezera, ndipo sanali okha: nyuzipepala zinalemba kuti m'boma la Mangochi atsikana oposa 7,000 anatenga mimba pakati pa January ndi June chaka chimenecho. Ulendo woyambawo Covid-19 sinaphe munthu m'mudzi mwathu. Chinatipweteka n'kusiya kwathu ntchito.

Kolera itafika mu 2022 sitinabwerezenso. Zimene ndalemba apa ndikulembera a komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC), a komiti ya mjigo, a banki m'khonde, a komiti ya za usodzi kudoko (BVC), amayi a mother group, amayi a Dawa, a Mvano, magulu a achinyamata ndi aliyense amene ali ndi kagulu kokumana pa sabata. Ndazisanja kuyambira tsiku limene mwamva kuti kwagwa mliri.

Choyamba, dziwani kuti nthendayo ikuyenda bwanji

Miliri si yofanana, ndipo gulu limene likuitenga ngati umodzi limaletsa zosafunika kuletsa n'kusiya zoopsa zenizeni. Covid-19 imayenda ndi mpweya: kutsokomola, kuyankhula, kuimba, makamaka m'chipinda chotseka mawindo. Kolera imayenda ndi chimbudzi ndi masanzi a wodwala zikafika m'madzi, m'chakudya kapena m'manja. Ndiye kuti pa Covid-19 vuto ndi kuunjikana kwenikweniko. Pa kolera mukhoza kukhala anthu 40 pabwalo, kukambirana mpaka dzuwa kupendeka, osapatsirana kanthu. Koma chikho chimodzi cha thobwa chikazungulira, kapena beseni limodzi losambamo m'manja nonse musanadye, theka la gulu likhoza kugona pofika mkuja.

Choncho tsiku loyamba lomwelo, wapampando ndi mlembi apite kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu, a HSA aja, ndi mafunso atatu. Nthendayi ikufala bwanji? Tiidziwe ndi zizindikiro ziti? Munthu akadwala usiku timutengere kuti? Mayankho alembedwe m'buku la gulu monga mmene anenera, osati monga mmene mwakumbukira panjira. A HSA akakhala kuti aitanidwa ku kampu ya odwala, zomwe zimachitika kawirikawiri mliri ukavuta, imbani ku Chipatala Cha Pa Foni pa 54747 ndi nambala ya Airtel. Simulipira. Safunsa anadya phula.

Kenako pitani kwa amfumu

Musayambe chilichonse amfumu asanamve, ngakhale gulu lanu litakhala la mpingo kapena la kumzikiti. Anthu akadzakuonani mukuyenda khomo ndi khomo ndi zigubu za klorini, funso lawo loyamba lidzakhala lakuti wakutumani ndani. Mukati amfumu akudziwa, chitseko chimatseguka.

Musapiteko ndi pempho lakuti atilole kupitiriza misonkhano. Pitani ndi dongosolo lokonza kale. Ife tinanena chonchi: "Zikomo amfumu, ife ana anu a gulu lija sitikufuna kusiya ntchito. Tikufuna tizikumana ochepa ochepa, panja, popanda chakudya, ndipo Lachisanu lililonse tizibwera kudzakuuzani za odwala ndi za mjigo." Amfumu anavomera nthawi yomweyo, chifukwa nawonso a gulupu ndi a komiti ya chitukuko cha dera (ADC) ankawafunsa malipoti amene analibe powatenga. Ngati m'mudzi muli komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ya VCPC, pemphani kuti mmodzi wa inu azikhala nawo. Zinthu zochokera ku boma ndi ku mabungwe zimadzera kumeneko.

Lidulenidulenidi gululo

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Gulu la anthu 30 limene limadalira msonkhano umodzi, wapampando mmodzi ndi buku limodzi limafa tsiku limene wapampandoyo wagonekedwa kuchipatala. Ligaweni m'timagulu ta anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi oyandikana nyumba, oti akhoza kuitanana ndi pakamwa. Kagulu kalikonse kakhale ndi munthu mmodzi wolumikizana ndi likulu, ndiponso nyumba zake zoziyang'anira, khumi kapena kuposerapo pang'ono. Zimenezi si zachilendo. Akatolika ali nayo kale miphakati, ndipo amayi a Dawa amadziwana kale malinga ndi mizikiti yawo. Gwiritsani ntchito malire amene alipo kale m'malo mojambula atsopano.

Posankha olumikizanawo musayang'ane amene amayankhula bwino pamsonkhano. Yang'anani amene amapezeka pakhomo. Ife tinalakwitsa posankha mnyamata wina wanzeru ndithu, wodziwa kulemba, wa foni yaikulu, koma anali mlovi: mwezi ukada amagona panyanja, masana n'kumagona tulo. Amene anagwira ntchito bwino ndi mayi wina wogulitsa mandasi, wa foni ya mabatani yomanga ndi mphira, amene ankadziwa ngakhale nyumba imene mwana sanadye dzulo.

Udindo uliwonse ukhale ndi wachiwiri wodziwa ntchitoyo, osati wa dzina chabe. Wachiwiri kwa msungichuma adziwe ndalama zimene zili m'bokosi. Wachiwiri kwa mlembi akhale ndi kope lake la mayina ndi manambala a foni. Ndipo agogo, odwala shuga, a BP, oyembekezera ndi amene akumwa ma ARV apatsidwe ntchito zapakhomo monga kusunga buku kapena kulandira mauthenga. Musawachotse pa maudindo. Munthu amene mwamuchotsa "pofuna kumuteteza" sabweranso mliri ukatha.

Atsogoleri a timaguluto azikumana kamodzi pa sabata, panja, kwa theka la ola. Pa mliri wa mpweya akhale motalikirana, avale masiki. Pa kolera pakhale ndowa ya mpopi kapena mpondagiya ndi sopo, aliyense abwere ndi botolo lake la madzi. Zakudya ayi, ngakhale mango.

Sankhani ntchito zosayembekezera

Simungathe kuchita zonse. Tengani ntchito za gulu muziike m'milu itatu: zimene zikaima munthu akhoza kufa kapena kuwonongeka, zimene zikhoza kuyenda ndi anthu ochepa, ndi zimene zikhoza kudikira.

Mulu woyamba kwa ife unali mjigo, kuyendera odwala amene amalandira mankhwala a mwezi ndi mwezi, ndi kutsatira atsikana sukulu zikatsekedwa. Mjigo ukafa pa nthawi ya kolera, mudzi wonse umabwerera kunyanja kapena ku Shire, komwe ena akuchapa matewera ndipo ena akudzithandiza. Choncho ndalama za mjigo zisasiye kutoleredwa, ndipo marabala ndi zipangizo zina zazing'ono zimene zimatha msanga zigulidwiretu zikhale kwa msungichuma. Nambala ya makaniki wa mijigo ilembedwe pa chikuto cha buku. Za odwala, mliri umodzi ukavuta anthu amaopa chipatala n'kusiya kukatenga ma ARV, mankhwala a TB kapena kupita ku sikelo. Kagulu kalikonse kadziwe amene tsiku lake layandikira, popanda kulengeza matenda a munthu pagulu.

Kuumba njerwa za buloko ya sukulu, masewero a mpira, chisankho cha komiti yatsopano, zimenezo zinadikira, ndipo palibe chinawonongeka.

Uthenga uziyenda njira zitatu

Gulu la WhatsApp ndi lothandiza kwa amene ali ndi foni zazikulu ndi bandulo, koma m'midzi yathu yambiri amenewo ndi ochepa, ndipo nthawi zambiri foniyo ndi ya bambo amene ali kudoko. Kumadera monga Makanjira ndi Katuli netiweki imachita kusakidwa pachulu. Ndiye uthenga uliwonse wofunika uzidutsa pa foni, pakamwa, ndi pa chimkuzamawu.

Pa foni, mlembi aimbire atsogoleri a timagulu, iwo auze anthu awo. Gulu lipatule ndalama ya mayunitsi ndi yotchajitsa, ilembedwe m'buku ngati ndalama ina iliyonse. Tinagwirizana kuti woflasha kawiri motsatizana ndiye kuti kuli wodwala, aimbiridwe msanga. Pa WhatsApp tumizani uthenga wa mawu m'malo molemba, m'Chichewa ndi m'Chiyao, chifukwa agogo ambiri kuno uthenga umawalowa bwino m'Chiyao ndipo kuwerenga si onse.

Chimkuzamawu chabwino koposa chili kale pa mzikiti. Kambiranani ndi a shehe kuti Lachisanu akatha mapemphero anene mawu awiri atatu, chimodzimodzinso abusa ndi akatekisiti Lamlungu ndi Loweruka. Apatseni uthenga waufupi wolembedwa, umodzimodzi kwa onse, kuti kumzikiti ndi kutchalitchi anthu asamve zosiyana. Wailesi za kuno monga Dzimwe ku Monkey Bay, Radio Maria ndi Lilanguka zimaulutsa mauthenga a zaumoyo. Kagulu kamene kali ndi wailesi ya sola kazimvera n'kumauza anzawo.

Uthengawo ukhale wotheka kuutsatira. Paja boma linalengeza kuti kuyambira pa 18 April 2020 anthu akhale pakhomo masiku 21, khoti n'kuziimitsa zisanayambe, nkhawa yaikulu ili yakuti anthu adya chiyani. Munthu wa kabaza kapena mayi wogulitsa usipa mukamuuza kuti asachoke pakhomo, wamva kuti agone ndi njala, ndipo mawa sakumveraninso. Muuzeni zimene angachite ali pa ntchito yakeyo.

Za ndalama

Magulu ambiri amene ndinawaona akutha sanathe chifukwa cha matenda. Anatha chifukwa cha bokosi. Misonkhano ikaima, anthu amasiya kuona ndalama zikuwerengedwa pamaso pawo, ndipo pamenepo manong'onong'o amayamba: akuti msungichuma wafolera nyumba ndi malata, akuti wapampando wadzikongoza yekha. Mwina n'zoona, mwina ayi, koma gulu ndiye latha.

Musanagawane m'timagulu, chitani msonkhano umodzi wowerenga ndalama zonse, masheya, ngongole ndi thumba la chithandizo. Mlembi awerenge mokweza, aliyense aone pasibuku yake. Kenako gwirizanani malamulo a nthawi ya mliri, alembedwe, asainidwe kapena adindidwe chala. Athu anali awa. Chindapusa cha kuchedwa ndi kujomba chinaimitsidwa kwa odwala ndi odwazika. Amene bizinesi yake yaima ankaloledwa kubweza ngongole pang'onopang'ono, chiwongoladzanja osawonjezera, malinga wabwera kudzanena yekha. Ngongole zatsopano zinachepetsedwa. Thumba la chithandizo tinalikweza pang'ono, chifukwa limenelo ndilo linkalipira njinga yamoto usiku.

Bokosi la maloko atatu lisatsegulidwe popanda osunga makiyi onse atatu ndi mboni ziwiri zochokera m'timagulu tosiyana, zosinthasintha sabata iliyonse. Mukatero, pakutha pa mwezi kagulu kalikonse kamakhala ndi munthu amene waona ndalamazo ndi maso ake. Wosunga kiyi akadwala, kiyi ipite kwa wachiwiri wake pamaso pa mboni, osati kwa mwamuna wake kapena mwana wake.

Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza kuti anthu asayende ndi ndalama, koma samalani. Nambala yolandirira ndalama za gulu ikhale yodziwika kwa onse, ndipo uthenga uliwonse wolandira kapena kutapa uziwerengedwa pamsonkhano wa atsogoleri. Gwirizaninso kuti ndalama yotapira kwa ajenti alipira ndani, chifukwa timakwacha timeneto tikaunjikana timayambitsa mkangano. Ndipo nthawi ya mliri akuba a pa foni amachuluka. Amaimba kuti ndi a bungwe, mwasankhidwa kulandira thandizo, tumizani kaye ya fomu kapena tchulani PIN. Uzani gulu lonse kuti thandizo lenileni limadzera kwa amfumu ndi a komiti, ndipo PIN sauza munthu.

Thandizo lochokera kunja likabwera, kaya ndi sopo, ndowa kapena klorini, lembani chiwerengero chake musanagawe, mayina a olandira awerengedwe poyera. A komiti alandire pomaliza. Ndikudziwa kuti zimenezi zimawawa pamene inu ndi amene mwapsa ndi dzuwa, koma ndowa imodzi yopezeka kwa mlamu wa wapampando imafafaniza ntchito ya miyezi isanu.

Konzekerani wodwala asanadwale

Kolera imatha kupha munthu wamkulu wamphamvu m'maola ochepa, chifukwa madzi amatha m'thupi. Wotsegula m'mimba zamadzimadzi ngati madzi otsukira mpunga, kaya akusanza kaya ayi, ayambe kumwa Thanzi, wobwezeretsa madzi m'thupi uja, nthawi yomweyo, ulendo wa kuchipatala uli mkati. Kagulu kalikonse kakhale ndi mapaketi a Thanzi. Paketi imodzi ndi ya lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndiye kuti mabotolo awiri a 500ml. Thanzi akasowa, mu lita imodzi ikanimo masipuni aang'ono 6 a shuga, osasefukira, ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Zotsala zitayidwe pakatha maola 24. Mwana woyamwa asasiye kuyamwa.

Madzi akumwa athiridwe WaterGuard kapena klorini wochokera kwa a HSA, pa mlingo umene iwo anena, n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Klorini wa madzi akumwa, wosambira m'manja ndi wothira pa masanzi ndi wosiyana mphamvu, choncho zigubu zilembedwe ndipo osungunula akhale amene aphunzitsidwa. Anthu ena amadana ndi fungo lake, amati tiyi sakoma. Amenewo awiritse madzi, osati kubwerera ku osatetezedwa.

Za mayendedwe zikambidwe masana kuli bata. Pezani a kabaza awiri kapena atatu a njinga zamoto amene avomera kudzutsidwa usiku, mugwirizane mtengo, gulu lizilipira kuchokera m'thumba la chithandizo, banja lidzabweze pambuyo. Dziwani kuti kampu ya kolera yapafupi ili pati, chifukwa si nthawi zonse pamene muyenera kukafika ku chipatala chachikulu pa boma. Ena ali pafupi ndi Monkey Bay, Koche, Namwera kapena St Martin's ku Malindi. A kutsidya kwa nyanja, njira ya ku Makanjira mukuidziwa mmene imakhalira dzinja mitsinje ikadzaza. Funsanitu eni maboti.

Maliro, sadaka ndi zinamwali

Pano m'pamene gulu limayesedwa. Kolera ya 2022 inayambira ku Machinga mu March, mphepo ya Ana itawononga zimbudzi ndi zitsime mu January, Gombe n'kudzawonjezera. Sinathe ndi dzinja monga tinazolowera; inadutsa chilimwe chonse, mpaka pa 5 December 2022 Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti ndi ngozi ya zaumoyo. Pofika pakati pa 2023 odwala anali ataposa 58,000 ndipo omwalira 1,700, Mangochi ali pamodzi ndi Lilongwe ndi Blantyre pa maboma ovutika kwambiri. Maliro ochuluka chonchi, ndipo maliro a kolera amabala maliro ena: thupi limakhala ndi tizilombo, osambitsa amagwira, kenako manja omwewo akukaphika kapena kugawa nsima.

Malangizo a zaumoyo ndi akuti thupi likonzedwe ndi anthu ophunzitsidwa, lithiridwe klorini wamphamvu, liikidwe msanga, ndipo pamaliro pasaphikidwe chakudya cha gulu. Kunena n'kosavuta. Koma kauzeni mwana kuti mayi ake aikidwa osasambitsidwa, kapena banja kuti anthu ochokera ku Namwera abwerere osadya. Mukadikira kuti mukanene zimenezi pa siwa, mudzathamangitsidwa.

Ife tinachita chonchi. Maliro asanagwe, tinapempha amfumu kuti aitane a shehe, abusa, mkulu wa adzukulu, amayi osambitsa maliro ndi a HSA. A HSA anafotokoza choopsa chili pati. A shehe ndi amene ananena zimene chipembedzo chimalola pamene kusambitsa thupi kungaike amoyo pangozi, ndipo mawu amenewo akachoka pakamwa pawo amamveka mosiyana ndi akachoka kwa ife. Tinagwirizana kuti achibale awiri kapena atatu azionerera thupi likukonzedwa, ataima potero. Chimenechi n'chachikulu, chifukwa mphekesera zambiri zimabadwa pamene banja lapatsidwa thupi lokutidwa kale osaona kanthu. Mapemphero achitike onse. Chipepeso chiperekedwe cha ufa, ndalama kapena nkhuni kuti banja lidzaphike lokha. Sadaka ikhoza kusunthidwa kapena kuperekedwa yosaphika. A shehe atsogolere pamenepo.

Gulu lanu pamaliro likhale ndi ntchito yooneka: ndowa ya mpopi polowera ndi kumanda, madzi akumwa otetezedwa, munthu woyang'anira chimbudzi. Ndipo musasiye kupita kukapepesa. Banja limene lataya munthu ndi kolera limasalidwa, ana awo amathamangitsidwa pamjigo. A gulu mukakhala oyamba kulowa pakhomopo n'kukhala pamphasa, ena amatsatira.

Za jando ndi nsondo, amfumu ndi angaliba ndi anankungwi ndi amene ali ndi mawu. Chanu n'kuwakumbutsa msanga, tchuthi chisanafike, kuti kundagala kukhale chimbudzi, madzi otetezedwa ndi njira yotulutsira mwana wodwala osadikira tsiku lotuluka. Boma likaimitsa zinamwali, thandizani kufotokoza chifukwa chake. Mwezi wa Ramadhani, futari ya pamodzi ikambidwenso chimodzimodzi.

Musaiwale kudoko

Mudzi ukhoza kuchita zonse bwino, nthenda n'kulowera kudoko. Alovi amayenda kuchokera ku Msaka, Chembe, Malembo mpaka kutsidya, amakhala usiku wonse pa bwato, akumwa madzi a m'nyanja momwemo. Ogula nsomba amachokera ku Limbe ndi ku Lilongwe n'kumagona pafupi ndi matandala. Zimbudzi za pamchenga zimagumuka. Anthu amenewa sali m'kaundula wa mudzi, ndiye pogawa klorini kapena polemba a katemera amadumphidwa.

Gwirani ntchito ndi a BVC ndi eni zilimira. Mwini chilimira akalamula kuti bwato lisanyamuke popanda chigubu cha madzi othira klorini ndi mapaketi a Thanzi, alovi amamvera kuposa mmene angamvere inu. Katemera wa kolera, wakumwa uja, akabwera, pemphani a zaumoyo kuti afike kudoko m'mawa maboti akamakocheza, osati masana asodzi ali mtulo.

Mphekesera

Zidzabwera ndithu. Pa Covid-19 tinamva kuti katemera ndi wotseketsa kubereka, ena amati ndi 666. Katemera woyamba anafika mu March 2021, koma anthu ankazengereza, ndipo mu May boma linatentha katemera pafupifupi 20,000 amene anatha mphamvu. Pa kolera kunamveka zoti a chipatala akubaya anthu kuti afe, mpaka m'madera ena zipatala zinagendedwa.

Musamuseke munthu wonena zimenezi, ndipo musamutsutse pagulu. Mtsogoleri wa kagulu alembe mphekesera iliyonse imene wamva, popanda dzina la woinena, abwere nayo kumsonkhano wa pa sabata. Zimene simungathe kuyankha zipite kwa a HSA. Yankho labwino koposa ndi munthu wa m'mudzi momwemo amene analowa mu kampu atanyamulidwa n'kutuluka akuyenda yekha; akavomera, ayankhule iye. Katemera akabwera, a komiti ndi amfumu alandire poyamba, anthu akuona. Pa WhatsApp ya gulu ikani lamulo limodzi: uthenga wa zaumoyo wosadziwika kumene wachokera usatumizidwe usanafunsidwe.

Dandaulo lina limakhala loona. Wodwala akanyozedwa kuchipatala kapena wina akapemphedwa ndalama pa chithandizo chaulere, musabise poopa kuti anthu asiya kupita. Kanenezeni ku komiti yoyang'anira chipatalacho, ndipo mubwere ndi yankho kwa odandaulawo.

Odzipereka nawonso ndi anthu

Amene akuyenda khomo ndi khomo azisinthana, asapitirire masiku atatu pa sabata, chifukwa nawonso ali ndi minda ndi ana. Dzinja kolera imakumana ndi kupalira. Wodzipereka akadwala kapena akaferedwa, kagulu kake kakamulimire. Ndipo musalonjeze alawansi imene simunaione. Nenani poyera kuti ntchitoyi ndi yaulere, kuti bungwe likadzabwera ndi kangachepe pasadzakhale wonena kuti ena akhala akudya mobisa.

Lembani, ndipo mliri ukatha bwererani mwadongosolo

Sabata iliyonse mlembi alembe zinthu zochepa: nyumba zimene zayenderedwa, odwala angati, anapita kuti, achira kapena ayi, mjigo uli bwanji, ndalama zalowa zingati ndipo zatuluka zingati. Mayina a odwala akhale m'buku la mlembi yekha, kwa amfumu ndi ku ADC kupite manambala. Bukuli ndi limene linatithandiza pamene a khonsolo ankafunsa midzi yofunika mjigo wina. Ena anapita ndi pakamwa, ife tinapita ndi masamba. Lisungeni m'pepala la pulasitiki, pamwamba, chifukwa mu March 2023 namondwe wa Freddy anabwera kolera isanathe ndipo mabuku a magulu ena ananyowa n'kufufutika.

A zaumoyo akanena kuti mliri watha, itanani msonkhano wa gulu lonse. Yambani ndi kutchula amene anatisiya. Kenako bokosi litsegulidwe, ndalama ziwerengedwe, ngongole zimene zinaimitsidwa zipatsidwe masiku atsopano, malamulo a nthawi ya mliri achotsedwe poyera kuti pasakhale wonamizira kuti akadalipo. Amene anasowa nthawi yonseyi atumiziridwe munthu, osati kalata ya chindapusa.

Timagulu tija musatithetse. Ife timatisunga, ndipo chaka chilichonse mu October, mvula isanagwe, timakhala pansi tsiku limodzi: kuimba nambala iliyonse ya m'buku kuti tione ngati ikugwirabe, kuyang'ana madeti pa mapaketi a Thanzi, kuyendera zimbudzi zimene zingagumuke, ndi kufunsa a kabaza aja ngati mtengo wa usiku ukadali womwe uja, poti mafuta akwera.